Madzi Pakhoma la Amalume

Kiyi wake anali wamng'ono, wa mano awiri, womangidwa ku chingwe cha nsapato. Chingwecho kale chinali choyera, koma pamene chinkafika m'khosi mwanga chinali chitafiirira, ndipo chinkanunkha fodya monga china chilichonse chotuluka m'nyumba ya amalume. Ndinachivala miyezi iwiri, chilimwe cha chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi ndi chimodzi. Ndikamayenda kiyiyo ankandigunda pachifuwa, ine n'kumadzimva kuti ndine munthu wa pa boma. Mpaka lero ndikamva fungo la ndudu yozima, dzanja limapita lokha pakhosi.

Kwathu ndi ku Mwase, kumene tinkalima chimanga, mtedza ndi fodya. Amalume, mlongo wawo wa amayi, ndiwo okha m'banja mwathu amene anagwirapo ntchito ya kolala. Anali kalaliki pa boma la Lundazi, ndipo ankakhala okha m'nyumba ya malata ya zipinda ziwiri ndi pabalaza. Akazi awo anachoka ine ndisanabadwe. Anthu ankati anathawa utsi, ngakhale tsopano ndikuganiza kuti panali zinanso zimene sankauza ana. Boma litayamba kugulitsa nyumba zake kwa amene ankakhalamo, amalume anagula yawo, koma sanaidyerere. Chifuwa chinawagwira, ntchito inatha, ndipo mu Ogasiti uthenga unafika kumudzi kuti amayi apite akawaone. Amayi ananditenga ine kuti ndizikawathandiza kutunga madzi ndi kuchapa.

Amalume ankasuta atatseka mawindo. Ankati mphepo imawaulutsira mapepala, komanso fumbi la mumsewu limawatsokomoletsa. Fumbi! Kumayambiriro kwa mwezi ankasuta ndudu za m'sitolo, mwezi ukapita ankapichira fodya wa balani m'nyuzipepala, masamba ake ochokera m'munda mwathu momwe, amene amayi ankawatumizira chaka chilichonse mwachikondi. Anatero zaka zoposa makumi awiri m'nyumba imodzimodziyo.

Tsiku loyamba kulowamo maso anandiwawa. Makoma anali a mtundu wa tiyi wopanda mkaka, m'munsi mopepuka, kukwera m'mwamba n'kumaderadera. Pamwamba pa mpando wawo, pasiling'i, panali bwalo lakuda lalikulu ngati lichero. Babu ya magetsi inali yomata, ukaigwira chala chinkatsalira. Makatani anali olimba moti ankaima okha. Shuga wa m'botolo ankanunkha fodya, sopo naye fodya, ngakhale Baibulo. Amayi atachotsa kalendala yakale pakhoma, kumbuyo kwake kunatsala malo oyera mbee, ndipo anaima kwa kanthawi akuyang'ana, kenaka anati, "Achimwene, ngati khoma lili chonchi, nanga m'kati mwanu muli bwanji?" Amalume anaseka mpaka chifuwa chinawadula.

Koma ine nyumbayo ndinaikonda, ndisaname. Mpopi unali panja pomwepo, ukangopotoza madzi n'kutuluka. Magetsi ankabwera pamene afunira, koma akabwera ndinkayatsa ndi kuzimitsa mpaka amayi kundikalipira. Pansi panali pa simenti yozizira. Ndipo chipinda chaching'ono chinali ndi windo loyang'ana kumsewu wopita kusukulu, kumene m'mawa uliwonse ana ovala yunifolomu ankadutsa akucheza Chinyanja cha m'tauni chosakaniza ndi Chizungu. Sukulu yathu ya kumudzi inali kutsidya kwa dambo, ndipo dzinja likakula tinkatha sabata osawoloka. Ndinali giredi faifi, ndipo temu imeneyo sindinapite n'komwe.

Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo malume ndiye mwini mbumba. Amalume akabwera kumudzi ankandigwira pamutu n'kunena kuti, "Uyu ndi wanga uyu." Ndinali nditamvanso akuluakulu akukamba kuti za malume zimatsalira ana a mlongo wake. Sindinafunse munthu aliyense. Ndinangogawa ndekha mumtima: chipinda chachikulu cha amayi akamabwera kudzacheza, chaching'ono changa, ndipo Januwale akafika ndidzatuluka pachitseko chimenechi nditavala yunifolomu. Ndinkagona m'chipindamo pamphasa, mutu kuwindo, tsitsi langa n'kumanunkha ngati la nkhalamba yosuta kaliwo.

Ndiye Loweruka lina panafika aphunzitsi pa njinga, atakweza mwana wawo wamkazi pa kaliyala. Anali aphunzitsi a pasukulu yomweyo ya kumsewu, Atumbuka aatali ofatsa, ndipo analonjera kuti, "Monire mose." Mwanayo anali msinkhu wanga. Anali ndi nsapato zakuda, masokosi oyera, tsitsi loluka bwino, ndi kampango m'manja. Atafika pachitseko anaika kampangoko pamphuno. Ndinamuda pomwepo, asanalankhule ngakhale liwu limodzi. Lero ndimadziwa kuti aliyense ankatero pachitseko chimenecho, ngakhale abusa amene anabwera kudzapempherera amalume, koma abusawo analibe masokosi oyera.

Akuluakulu anakhala pakhonde, ife anatithamangitsa kuti tikasewere. Sindinapite patali. Ndinaima kuseri kwa khoma n'kumva mawu ochepa okha, koma anandikwana: amalume abwerera kumudzi, nyumba akugulitsa, ndipo aphunzitsi akuifuna chifukwa kumene ankachita lendi kunali kothina. Ndisanameze malovu, amalume anandiitana. Aphunzitsi anatola nyuzipepala imodzi mwa zopichira fodya zija, yachikasu, naloza ndi chala kuti ndiwerenge. Ndinawerenga Chizungu changa cha kutsidya kwa dambo, ndikupunthwa mzere uliwonse. Nditakakamira pa liwu lina lalitali, mwana uja analitchula mofewa ali kumbuyo kwanga. Aphunzitsi anayang'ana amalume nagwedeza mutu, onse awiri akumwetulira. Ine ndinati basi, andiitanira kuti andiseke, aone mmene mwana wa kumudzi amasiyanirana ndi wa pa boma.

Zitatha izo mwana uja analowa m'chipinda changa. Ndinamutsatira. Anayamba kuyeza pansi ndi mapazi, chidendene kugunda chala, kuchokera kukhoma mpaka kuchitseko, akuwerenga chapansipansi.

"Apa bedi," anatero. "Apa bedi ina. Zizakwana chabe. Iwe ukonda mbali iti?"

Mabedi awiri! Kwathu tinkagona ana anayi pamphasa imodzi, bulangete n'kumalimbirana, ndiye uyu akundionetsa kuti ali ndi mabedi awiri, n'kumandifunsanso maganizo ngati ndine wantchito wake. Ndinangoyang'ana nsapato zake zikuponda pamene ndinkaika mutu.

Mu Seputembala atate anabwera kudzatenga amalume. Anawakweza minibasi atawafunditsa bulangete dzuwa lili phwee. Asanakwere, amalume anavula chingwe cha kiyi m'khosi mwawo n'kundiveka ine. "Sunga," anatero. "Uyambe kuzolowela." Ndinaona ngati akundiuza mwachinsinsi kuti iwonso sakufuna kugulitsa, kuti ndi amayi ndi aphunzitsi amene akuwakakamiza. Mwana akafuna chinthu, mawu aliwonse amawakokera kumene iye akufuna.

Ine ndi amayi tinatsala kuti tikonze nyumba. Nkhani inali yakuti akazi a aphunzitsi anali kwawo kokachira, ndipo adzabwera ndi khanda kumapeto kwa Okutobala. Mayiwo akadzaiona nyumbayo n'kuvomera, ndiye kuti zatha. Aphunzitsi anali atanena mosabisa kuti fungo lija akazi awo sangalilole, ndipo amayi anawalonjeza kuti lidzachoka.

Sindinaonepo munthu akugwira ntchito ngati mmene amayi anagwirira masabata amenewo. Makatani anawatentha. Mpando wa amalume anaupereka kwa mlonda wa kumsika. Makoma tinawakwecha ndi sopo, phulusa ndi mchenga, madzi ake n'kumatsika akuda bii, manja athu n'kusupuka. Kenaka anagula laimu, napanga burashi ya khonje. Atapaka koyamba makoma anayera madzulo, kutacha anali achikasu. Anapakanso, chikasu chinatulukanso, koma chofooka. Anapala, napaka kachitatu, kachinayi. Siling'i ankaifikira ataima pa mgolo, laimu akuwadonthera m'maso. Mawindo ankakhala otsegula usana wonse. M'makona anaika makala ndi masamba a bulugama. Pofika pakati pa Okutobala, dzuwa litaumitsa chilichonse, munthu ukanalowamo ukanamva laimu ndi bulugama, fodya patali kwambiri.

Nyumba ikamayera, ine mtima unkada. Ndinkadzifunsa kuti manja anga akusupukira yani. Mwana wa aphunzitsi ankabwera Loweruka lililonse kudzaona, nthawi zina atanyamula zitumbuwa ziwiri, chimodzi n'kundipatsa. Ndinkalandira chifukwa cha njala, koma ndinkadya nditamufulatira. Ankakamba za makatani a maluwa amene amayi ake adzasoke, za shelefu ya mabuku, za mnzake wina wa m'kalasi amene amabera masamu. Ine ndinkangoti "mm." Tsiku lina anapatsa amayi kajumbo kokulunga bwino, amayi n'kukaika pansi pa dengu lawo. Nditafunsa kuti muli chiyani anati si zanga. Ndinapsa mtima kuti tsopano ngakhale amayi anga ali ndi zinsinsi ndi mwana wa eni.

Panali lamulo limodzi limene amayi ankalibwereza tsiku lililonse. Pokolopa ndizifinya chisanza mpaka chiume, ndipo madzi asakhudze khoma. Ankayang'ananso kumwamba kawirikawiri, kuopa mitambo. Tsiku lina ndinawamva akudziyankhulira okha akutsuka burashi: "Fodya safa, amangogona. Chinyezi chikabwela adzuka. Abwele msanga anthuwa, mvula isanagwe."

Zimenezo sanafunike kundimasulira. Mwana aliyense wokulira pa chigafa amazidziwa. Fodya akauma m'chigafa sungamugwire masana, amangonyenyeka m'manja. Umadikira m'mamawa mame atagwa, kapena tsiku la mitambo, masamba afewe, ndiye n'kuyamba kusankha. Kukauma kwambiri atate ankatenga ndowa ndi tsache, n'kuwaza madzi pansi ponse, n'kutchinga m'mbali ndi mphasa. Pakapita kanthawi masamba ankafewa ngati nsalu, ndipo fungo lake linkadzaza mpaka kukuzunguza mutu. Ntchito yowaza imeneyo ndinaiphunzira ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo atate ankanditama kuti dzanja langa silisiya malo.

Pano ndiyenera kunena chimene panthawiyo sindinkachiganizira. Amayi ankabisa. Ankadziwa kuti dzinja likadzafika nyumbayo idzanunkhanso, ndipo ankafuna kuti nkhani ithe zisanadziwike. Anali munthu wopemphera, wosaba ngakhale chitsononkho cha mnzake, koma apa anabisa. Sindiwaweruza. Koma sindingadzinamizenso kuti zimene ndinachita ndinachitira chilungamo. Khanda la aphunzitsi silinali m'mutu mwanga, ngakhale chifuwa chake. M'mutu mwanga munali mabedi awiri basi.

Tsiku lake linali Loweruka lomaliza la Okutobala. Alendo anati afika dzuwa lili pamutu. M'mawa amayi anasesa, nayala nsalu pa tebulo lobwereka, kenaka anapita kumsika kukagula mabanzi ndi mkaka wa tiyi. Anandiuza kuti ndisatseke mawindo ndipo ndisachoke.

Atangokhota pangodya ndinatseka mawindo onse. Ndinatunga ndowa pampopi, madzi ake ofunda chifukwa paipi inali padzuwa. Ndinatenga tsache. Ndinayambira m'chipinda changa, khoma la kuwindo, kuviika ndi kuwaza, kuviika ndi kuwaza, kuchokera m'mwamba kutsika m'munsi monga atate anandiphunzitsira. Ndinapita m'chipinda chachikulu, kenaka pabalaza. Siling'i ndinaiwaza nditaima pa mgolo womwe uja. Zinatenga ndowa zitatu. Ndikukumbuka kuti ndinkaimba kanyimbo ka kusande sukulu. Nditamaliza ndinaika tsache kuseri kwa chitseko, ndinakhoma ndi kiyi wanga, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango. Malata ankalira ndi kutentha.

Ndinkaganiza kuti amayi afika okha, andimenye, alendo apeze nyumba yonunkha, nkhani ithere pomwepo. Koma amayi anachedwa kumsika ndipo anakumana ndi alendowo panjira. Anafika onse pamodzi akuseka: amayi ndi mabanzi, aphunzitsi akukankha njinga, akazi awo atabereka khanda, ndi mwana uja atavala diresi la kutchalitchi. Amayi ataona mawindo otseka, kuseka kunatha. Anandiyang'ana nati, "Tsegula."

Ndinatsegula ndi dzanja langa, onse akuona. Fungo linatuluka ngati munthu amene anali atatsamira chitseko. Silinali la utsi wamba ayi, linali la fodya wonyowa, lowawasa, lokhala pakhosi, loposa la tsiku limene tinafika. Ndipo makoma! Pa laimu woyera uja panali mizere yofiirira yotsika kuchokera m'mwamba, yambirimbiri, ina ikuyendabe pang'onopang'ono. Bwalo lakuda lija linali litabwereranso pasiling'i, likudontha pa nsalu ya tebulo. Ngakhale ine mwini ndinachita mantha.

Akazi a aphunzitsi sanadutse pakhomo. Anakokera nsalu pamutu pa khanda n'kubwerera m'mbuyo. "Yayi," anatero m'Chitumbuka. "Mwana wane wangagona muno yayi." Kenaka anatembenukira kwa amayi n'kufunsa m'Chinyanja, "Mwati eni ake adwala chani?" Zaka zimenezo funso lotere silinali laling'ono. Anthu ambiri ankatsokomola n'kuwonda, ndipo aliyense ankaopa. Amayi anayamba kufotokoza kuti ndi fodya chabe, koma mayiwo anali atafika kale kumsewu.

Aphunzitsi analowa okha. Anapititsa chala pakhoma, nachiyang'ana, nachinunkhiza. Sanakweze mawu. Anangoti, "Amama, mukananiuza chabe kuti yabisika pansi. Tikanaona mochitila." Amayi anawerama. Ndikuganiza kuti mawu amenewo anawapweteka kuposa kutukwanidwa. Mwana uja anasuzumira m'chipinda chaching'ono, kampango kali pamphuno, natuluka maso ali jenjenje ndi misozi. Ine mumtima ndinati lira, mabedi ako awiri ukawaike kwina.

Alendo atapita amayi anatsegula mawindo limodzilimodzi. Anagwira khoma. Anayang'ana pansi pamene madzi anali asanaume m'makona. Anasuntha chitseko n'kuona tsache lonyowa, kenaka anayang'ana m'munsi mwa diresi langa. Ndinakonzeka, mapewa nditakweza. Koma anangotuluka n'kukhala pakhonde, manja awo osupuka ali pamaondo. Kenaka anati, "Wawaza bwino. Palibe pamene wasiya." Sanandimenye tsiku limenelo kapena tsiku lina lililonse. Mabanzi aja ndinadya atatu ndekha, ndikudziona wochenjera.

Ndinkayesa kuti nyumba ikakanika kugulitsidwa ndiye kuti tikhalamo. Nzeru zanga zinathera pamenepo. Sindinaganize kuti amalume akufunika mankhwala, kuti kumunda kukudikira amayi, kuti pa boma munthu sadya mpopi. Sabata yotsatira kunagwa chizimalupsa, kenaka mvula yeniyeni, ndipo makoma anayamba kuchucha okha popanda tsache langa. Mbiri inali itawanda kale kuti nyumba ya kalaliki uja ikulira misozi yofiira. Anthu awiri atatu anabwera, nasuzumira, nabwerera. Pomaliza anaigula bambo wina wogula mbewu, pamtengo umene amayi sanafune kuutchula kwa aliyense. Ankafuna posungira mabelo a fodya ndi matumba a mtedza, ndiye fungo silinamukhudze. M'chipinda changa sanalowemo n'komwe. Anatambasula dzanja, ine n'kuvula chingwe m'khosi. Anadula chingwecho ndi mpeni n'kuchitaya pansi, kiyi n'kuponya m'thumba la malaya.

Kumudzi tinapeza amalume atawonda, atakhala pamphasa kukhonde kwathu. Amayi analankhula nawo kanthawi ine ndili patali. Kenaka amalume anandiitana. Ndinapita ndikudziwa kuti tsopano ndiye ndikalipidwa ndi mwini mbumba. Anandiyang'ana pakhosi pamene panali kiyi, natenga kachidutswa ka nyuzipepala kamene anafuna kupichira fodya nati, "Khala apa, undiwelengele." Ndinawerenga, ndikupunthwa monga kale. Anamvetsera mpaka kumapeto maso ali otseka. Anamwalira chimanga chisanache.

Ndinabwerera kusukulu ya kutsidya kwa dambo. Ndinabwereza giredi faifi, ndinakwawa mpaka seveni, n'kulekera pomwepo. Sindikunena kuti ndikanakhala munthu wamkulu, mwina mutu wanga unali wa pomwepo. Ndalima fodya moyo wanga wonse, ndalera ana, sindinagone ndi njala kawirikawiri. Mwana wa aphunzitsi uja ndinamva kuti ndi namwino ku Chipata. Nditamva, ndinamuda chimodzimodzi ngati tsiku lija pachitseko, ndili mayi wa ana anayi. Nsanje ndinakula nayo, ndipo sindinaithe.

Zoona zake ndinazidziwa nditabereka mwana woyamba. Amayi anatsegula sutikesi yawo kuti andipatse nsalu yoberekera, ndipo pansi pake ndinaona kajumbo kaja. Ndinakazindikira msanga. Nditakamasula munali yunifolomu ya pasukulu ya kumsewu ija, yakale koma yochapa bwino, m'munsi atapindamo ndi ulusi kuti ifupike. Ndinafunsa kuti ndi ya yani. Amayi anati, "Inali yako."

Anandiuza ali chikhalire pabedi, osandiyang'ana. Amalume anali atagwirizana ndi aphunzitsi kuti awatsitsire mtengo wa nyumba, ndipo aphunzitsiwo andisunge ine m'nyumbamo ngati mwana wawo mpaka nditamaliza sukulu. N'chifukwa chake anandiwerengetsa nyuzipepala. N'chifukwa chake amalume sanafune wogula wina aliyense, ndipo n'chifukwa chake amayi anasupula manja awo pamakoma aja. Aphunzitsi anali atauza mwana wawo kuyambira tsiku loyamba. Kwathu ine sanandiuze, chifukwa nkhani inali isanathe, ndipo amayi ankaopa kuti ikalephereka ndidzalira kawiri.

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandimenyere. Anatseka sutikesi nati, "Ndikanakumenya ndi dzanja liti? Laimu anali akali m'zikhadabo zanga."

Yunifolomuyo ndili nayo mpaka pano. Koma chimene chimandibwerera kawirikawiri si iyo ayi, ndi m'mawa umene tinkachoka pa boma. Tinali titakwera kale minibasi, dengu lili pamiyendo, mvula ikuwaza pang'ono. Ndinaona mwana wa aphunzitsi akuthamanga kuchokera kumsewu wa kusukulu, masokosi oyera aja atadzaza matope. Anazungulira galimoto mpaka anandipeza, nagogoda galasi. Amayi anandigunda ndi chigongono kuti nditsegule. Mwanayo anali wefuwefu, ndipo anangonena mawu ochepa.

"Ninakusiyila mbali ya ku windo," anatero. "Ninaona kuti uikonda."

Sindinamve chimene ankatanthauza. Ndinaona ngati wathamanga mtunda wonsewo kudzandinyogodola kuti windo lija ndaluza. Ndinamutsonya mokweza, anthu onse m'galimoto akumva, n'kutseka galasi. Minibasi itanyamuka ndinatembenuka n'kumuona ataima pamvula akupukuta maso ndi kampango kake, ndipo njira yonse mpaka ku Mwase ndinali wokondwa kuti ndamuliza.